Chidutswa cha chitsulo chili ndi mitengo iwiri

Aliyense amene amawotcherera zitsulo ali ndi mulu wake. Mutayenda kuchoka pano pa Dedza boma kutsika ndi msewu wa M1, kudutsa pa Bembeke ndi pa Lizulu mpaka kukafika ku Ntcheu, paliponse pamene mungaone mafelemu a mazenera ndi mageti atayedzamitsidwa m'mbali mwa msewu, mukazungulira kuseri mudzapeza zidutswa za zitsulo zitaunjikidwa pakona, zina zitamera udzu. Eni ake amati mulu umenewu ndi chuma, ndipo sanama, chifukwa chilichonse chimene chili mmenemo chinagulidwa ndi ndalama. Koma ine, amene ndimadyera ntchito yomweyi, ndimaona kuti chidutswa chilichonse chili ndi mitengo iwiri. Woyamba ndi wa ku hadiweya, kumene amayang'ana kutalika ndi kukhuthala kwa chitsulo. Wachiwiri ndi wa ogula zitsulo zakutha, amene safunsa n'komwe kuti chitsulocho chingagwire ntchito yanji koma amangochikoleka pa sikelo, ndipo mtengo wawo ndi kachigawo kochepa chabe ka woyamba uja. Chimene chimagamula kuti chidutswa chidzapita pa mtengo uti ndi malo amene chinaikidwa tsiku limene chinadulidwa.

Munthu amene anaimapo pa benchi sangavutike kumvetsa zimenezi. Mmisiri akafuna angle iron (chitsulo cha ngodya ngati L) yokwana theka la mita, mwini ntchito ali chiimire pakhomo ndipo magetsi akhoza kuzima nthawi ina iliyonse, sangayambe kufukula mulu wa dzimbiri pofunafuna chinthu chimene sakudziwa ngati chilimo. Amangosolola chitsulo chathunthu n'kudulako theka la mita lija, ndipo akatero waluza pawiri, chifukwa chathunthu chija sichidzakwananso pa ntchito yofuna chitsulo chachitali, pamene chidutswa chimene chikanagwira ntchitoyo chikupitiriza kudyeka pansi pa zinzake. Ngati kupeza chidutswa kumatenga nthawi yaitali kuposa kudula chitsulo chatsopano, chidutswacho chinatayika kale ngakhale chili mumpanda mwanu momwemo, ndipo zonse zimene ndimachita pa kasungidwe zimachokera pa mfundo imeneyi.

Kale tinkatha kunyalanyaza, koma mitengo ya masiku ano silolanso. Zitsulo zatsopano zimene timagwiritsa ntchito zambiri zimachokera kunja, ndipo ife a ku Dedza timaona ndi maso athu malole a katundu akulowa pa chipata cha m'malire ndi Mozambique. Kwacha ikagwa, chubu chimakwera sabata yomweyo. Inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo amisiri amene anali atalandiriratu ndalama za mageti pa mtengo wakale anagwira njakata. Komanso si chitsulo chilichonse chimene chimapezeka pano pa boma. Zina zimafuna ulendo wa ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 85, ndipo n'zopweteka kulipira ulendo wotero chifukwa cha kapuleti kokwana chikhatho kamene kanalipo kale kuseri kwa shopu.

Zotsala zambiri zimabadwa pa tepi yoyezera, disiki yodulira isanakhudze n'komwe chitsulo. Machubu, ma angle iron ndi ma flat bar (zitsulo zafulati) amabwera otalika mamita 6, ena mamita 5.8, zitsulo za konkire monga Y10 ndi Y12 (nambalayo ndi kukhuthala kwake m'mamilimita) zimabwera za mamita 12, ndipo puleti yathunthu imakhala mamilimita 2,440 m'litali ndi 1,220 m'lifupi. Tiyerekeze kuti mukufuna zidutswa zisanu za mamilimita 1,200. Powerengera pa pepala, chitsulo cha mamita 6 chikukwana ndendende, koma disiki yokhuthala mamilimita 3 imadya gawo lake nthawi iliyonse imene yadutsa, moti mukadula kanayi chachisanucho chimatsala mamilimita 1,188, ndipo mukachikakamiza felemu lonse limapotoka. N'chifukwa chake ndisanayambe ntchito ndimalemba miyeso yonse ndi choko pa bolodi, n'kuyamba kudula zazitali, kenako zazifupi n'kukazifunafuna pa shelefu ya zotsala ndisanakhudze chitsulo china chathunthu. Cholinga n'chakuti pamapeto patsale chidutswa chimodzi chachitali m'malo mwa zitatu zazifupi, popeza cha mita imodzi ndi theka chingalowe pa ntchito zambiri, pamene zitatu za theka la mita zimadikira mwayi.

Kusankhula kumayambira pa mtundu wa chitsulo, ndipo chida chake choyamba ndi maginito. Ya m'sipika yakale ya wailesi imakwanira. Chimene maginito yakana, monga aluminiyamu, kopa, burasi ndi stainless (chitsulo chosachita dzimbiri) yambiri, chisagone pamodzi ndi zitsulo wamba, ndipo kopa ndi burasi ndimazitsekera m'bokosi la loko chifukwa n'zimene zimamera miyendo msanga. Stainless ili ndi vuto lake lapadera: ikagona pa chitsulo wamba kapena ikawazidwa fumbi la girayinda, imatuluka madontho a dzimbiri, ndipo mwini lesitilanti amene munamupangira sinki adzakhulupirira kuti munamugulitsa chitsulo chabodza. Imeneyi ndimaiika pa matabwa, kutali ndi pamene timapala zitsulo. Aluminiyamu nayo ndi bwino ikhale payokha, popeza oumba mapoto amaifuna yosasakanizika.

Zimene maginito yagwira sizifanananso zonse, ndipo apa girayinda ndi imene imanena zoona. Chitsulo wamba, chimene timapangira mafelemu ndi mageti, chikakhudza disiki chimatulutsa mbaliwali zazitali zachikasu zimene zimaphulika pang'ono chabe kumapeto. Sipuling'i ya galimoto kapena tupa wakale amatulutsa mbaliwali zowala zophulika nthambinthambi, chifukwa muli kaboni wambiri, pamene cast iron, monga ya ziwiya za injini zakale, imatulutsa zazifupi zofiirira zimene zimazima pafupi. Kusiyana kumeneku si kwa m'kalasi chabe. Sipuling'i mukaiwotcherera ndi marodi athu owotcherera zitsulo wamba a 6013 monga mmene mumachitira ndi chubu, msoko wake umaoneka bwino lero koma umang'aluka m'mbali ukalandira katundu, ndipo ngati munaiika pa ngolo yonyamula mbatata ya kachewere kutsika nayo m'mapiri a ku Bembeke, ngozi yake ndi yaikulu. Koma sipuling'i yomweyo ndi chuma kwa osula pa chipala, amene amapangira nkhwangwa, akasemasema ndi matchizulo, ndipo amagula pa mtengo woposa wa pa sikelo. Zoterezi ndimazipaka penti yofiira kumapeto kuti mnyamata aliyense adziwe kuti sizolowetsa pa ntchito wamba.

Zitsulo za galvanized nazo zili ndi malo ake. Zinki imene inakutidwa pamwamba pake imawira n'kusanduka utsi pa madigiri 907, pamene chitsulo chenichenicho chimasungunuka cha m'ma 1,500, moti pamene msoko ukupsa zinki imakhala itasanduka kale utsi woyera uja umene umagonetsa munthu usiku akunjenjemera ngati wadwala malungo. Amisiri ambiri amakhulupirira kuti kapu ya mkaka imachotsa poizoni ameneyu, koma mkaka umapita m'mimba pamene utsi wapita m'mapapo. Chothandiza ndi kupala zinkiyo pamalo powotchererapo ndi kugwirira ntchito panja pa mphepo, ndipo munthu angachite zimenezi pokhapokha atadziwa kuti chimene wanyamula ndi galvanized, zomwe zimavuta chidutswa chikadetsedwa mumulu.

Mitundu ikapatulidwa, chotsatira ndi kutalika, ndipo apa m'pamene pali ntchito yeniyeni. Zopitirira mita imodzi zimagona pa shelefu ya mikono. Yanga ndinaipanga ndi angle iron ya mamilimita 40, mikono yake yotalikirana osapitirira mita imodzi kuti ma flat bar ndi mawaya a R6 asalendewere n'kupindika, ndipo nsonga ya mkono uliwonse ndinaipindira m'mwamba kuti mapaipi asagubuduke n'kugwera munthu kuphazi. Zolemera zimakhala pansi, zopepuka pamwamba, ndipo mzere uliwonse uli ndi mtundu umodzi. Chenjezo langa kwa anzanga n'lakuti shelefu yotereyi iziima payokha ndi miyendo yake. Nyumba zambiri zimene timachita lendi m'misika yathuyi n'zomangira dothi, pulasitala yekha ndiye wa simenti, ndipo chitsulo chimalemera makilogalamu 7,850 pa kiyubiki mita imodzi. Mita imodzi yokha ya Y16 ndi makilogalamu 1.58. Mukakhoma mikono m'khoma lotero n'kusanjikapo zitsulo mwezi ndi mwezi, tsiku lina njerwa zidzazuka, ndipo mlandu ndi mwini nyumba udzaposa mtengo wa zitsulo zonsezo.

Zapakati, kuyambira mamilimita 300 kufika mita imodzi, ndi zimene zimasowa kwambiri zikagonekedwa, chifukwa zimabisala pansi pa zazitali. Zimenezi ziyenera kuima. Ndinadula mgolo pakati, n'kuboola mabowo pansi, n'kuwotcherera mawaya opingasa pakamwa pake kuti pakhale zipinda zingapo, ndipo m'chipinda chilichonse mumaima mtundu umodzi: machubu a mamilimita 20, machubu a mamilimita 25, ma angle iron, ma flat bar ndi zozungulira. Ubwino wa chitsulo choima n'ngwakuti diso limaona kutalika kwake ndi nkhope yake nthawi imodzi, munthu asanagwire kalikonse. Kuipa kwake n'kwakuti nsonga zimaloza m'mwamba, cha kumaso kwa munthu wowerama, ndiye chidutswa chilichonse chisanalowe mmenemo chiyambe chapalidwa m'mphepete mmene disiki yasiya mano. Ntchito imeneyi ndi ya kanthawi kochepa girayinda ikadali m'manja, koma mukaisiyira mawa palibe amene adzaichite.

Tating'onoting'ono timapita m'zitini za penti zoboola pansi, ndipo zitini zosaya n'zabwino kuposa zakuya. Ndowa ya malita 20 yodzaza tizitsulo ikhoza kupitirira makilogalamu 50, ndipo palibe amene adzaikhuthule pofuna kachidutswa ka pansi, choncho chimene chimagwira ntchito ndi cha pamwamba chokha. Mapuleti ndi malata asasanjikidwe chogona, chifukwa imene mukuifuna nthawi zonse imakhala ya pansi, komanso madzi amabisala pakati pake. Aziima cham'mbali pakati pa mizati, opendekera pang'ono kukhoma, akuluakulu kumbuyo. Puleti imene mwadulamo zozungulira imatsala ndi nyanga zosongoka zopanda ntchito, ndipo ndi bwino kuzidula pomwepo n'kusunga gawo la makona anayi lokha, nyangazo n'kuziponya kotaya zisanang'ambe mwendo wa munthu.

Kulemba pa chitsulo anthu amakuona ngati kuchedwa, koma taganizirani za machubu. Chubu cha 25 chokhuthala milimita 1 ndi chinzake chokhuthala mamilimita 1.6 kunja kwake n'zofanana, makamaka zikachita dzimbiri. Mukatenga chopyapyalacho muli mutatchera makina pa moto wa chokhuthala, rodi imangoboola, ndipo mumataya nthawi kutseka mabowo pa ntchito imene inayenera kutuluka yosalala. Choipa kwambiri ndi kuika chopyapyala pamene pakhale hinjesi ya geti, chifukwa pakapita miyezi yochepa getilo limayamba kukwekwereza pansi. Choko chimafufutika ndi chinyezi, choncho ndimagwiritsa ntchito penti yotsala pa ntchito zina: kadontho koyera kumapeto ndiye kuti milimita 1, kobiriwira ndiye 1.6, ndipo pa zazitali ndimalembanso kutalika kwake. Mitundu ya penti aliyense angasankhe yake, bola onse a m'shopu aidziwe ndipo isamasinthesinthe.

Funso lovuta kuposa onse ndi lakuti chidutswa chikafupika kufika pati m'pamene chiyenera kutayidwa, ndipo yankho lake silingakhale limodzi kwa amisiri onse, chifukwa limadalira ntchito zimene zimabwera pakhomo panu. Kuno ntchito zathu zimayenda ndi nyengo. Anthu akakolola n'kugulitsa mbatata, soya ndi nyemba, amamanga nyumba, ndipo pamenepo timapanga mafelemu, zitseko ndi zotchinga akuba m'mazenera, zimene zimafuna zitsulo zathunthu ndipo n'zimene zimabala zotsala zambiri. Mvula ikagwa ntchito zikuluzikulu zimachepa, ndipo chimene chimatidyetsa ndi kukonza: keriyala ya njinga ya kabaza yathyoka, wilibala yabooka, ngolo yang'aluka pa kona, choimikira chiwaya cha tchipisi chagwa mwendo, pulawo yatha mabauti. Ntchito zonsezi zimatheka ndi zidutswa, ndipo phindu lake limakhala labwino chifukwa chitsulocho chinalipiridwa kale ndi ntchito ya m'chilimwe. Flat bar ya mamilimita 150 imakhala kachitsulo kogwira felemu m'khoma, puleti yokhuthala yokwana bokosi la machesi imakhala khutu la loko, ngodya ya puleti imalimbitsa kona ya ngolo, ndipo malata otsala amapita kwa okhoma mbaula. Koma kachubu kopyapyala kofupika kuposa chala sindinakaonepo kakugwira ntchito, kupatula kuphunzirirapo.

Mnyamata akandibweretsera kachitsulo n'kufunsa kuti, “Abwana, aka n'kosunga?” sindimuyankha kuti inde kapena ayi. Ndimamuuza kuti, “Tchula ntchito yake, ndipo ikhale ntchito imene unaionapo ikubwera pano.” Akatchula, amakaika pamalo pake, ndipo akayamba kunena kuti mwina tsiku lina kadzathandiza, kamapita mumgolo wa zotaya. Mawu akuti mwina tsiku lina ndi amene anamanga milu yonse imene ili kuseri kwa mashopu athu. Shelefu nayo ili ndi malire: chipinda cha ma angle iron chikadzaza, chidutswa chatsopano chimalowa pokhapokha china chachifupi chitatuluka, ndipo sindiwonjezera mgolo wina.

Dzimbiri la kuno si lofanana ndi la kumadera otentha. Dedza boma ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo kuwonjezera pa mvula ya November mpaka April tili ndi nkhungu, mame ndi mvula yowaza ya mu June ndi July, moti chitsulo chimanyowa ngakhale miyezi imene kwina kuli gwaa. Chogona pa dothi ndiye chimatha msanga, chifukwa nthaka imasunga chinyezi usana ndi usiku. Zitsulo ziyenera kukwezedwa monga mmene timakwezera nkhokwe pa miyala, mphepo izidutsa pansi. Kufunditsa pepala la pulasitiki kumaoneka ngati nzeru, koma usiku kukazizira pepalalo limachita thukuta m'kati n'kumadonthezera pa zitsulo zomwezo, choncho denga la malata akale lotseguka m'mbali ndi labwino kuposa pepala. Machubu oimikidwa panja amamwa madzi n'kudyeka kuchokera m'kati, kunja akuoneka abwinobwino, ndipo madzi omwewo amaswa udzudzu. Palinso mdani wina amene ambiri samuganizira, yemwe ndi feteleza. M'misika yathu si zachilendo kuti chipinda chimodzi chisunge zitsulo mbali ino ndi matumba a feteleza mbali inayo, koma feteleza amakoka chinyezi ndipo mchere wake umadya chitsulo mofulumira kwambiri. Ena amapaka oyilo wakutha wa galimoto pa zidutswa zabwino, ndipo zimathandizadi, kungoti oyiloyo ayenera kupukutidwa bwino musanawotcherere kapena kupaka penti, apo ayi msoko umachita timabowo ndipo penti imasupuka.

Pali gulu lina la zotsala limene si lathu n'komwe. Anthu ambiri masiku ano amakagula okha zitsulo n'kubweretsa kwa mmisiri kuti alipire ntchito ya manja yokha, ndipo chotsala pa zitsulo zotero ndi cha mwini wake. Mikangano yambiri imene ndaiona pakati pa amisiri ndi makasitomala inayambira pamenepa. Mayi amabwera patapita mwezi n'kufunsa kuti, “Amisiri, zotsala zanga zija zili kuti? Ndimafuna mundipangire choimikira ndowa,” ndipo mmisiri amaloza mulu umene ngakhale iye mwini sangazindikiremo kanthu. Mayiyo akachoka amakauza mudzi wonse kuti pa shopu paja amaba zitsulo, chikhalirecho palibe chimene chinabedwa. Ine ndimafunsiratu tsiku lolandira ntchito kuti, “Mayi, zotsala mudzatenga kapena tichotsere pa mtengo?” Akati adzatenga, ndimazimanga pamodzi ndi waya, n'kulembapo dzina, n'kuziika pa mzere wapamwamba umene anyamata amadziwa kuti sakhudzapo, ndipo zimakwera galimoto limodzi ndi geti lawo.

Za mgolo wa zotaya ziyeneranso kukambidwa poyera. M'mashopu ambiri ndalama ya zitsulo zakutha imakhala ya anyamata, ndipo ndi mwambo wabwino chifukwa malipiro awo ndi ochepa. Koma mwambo womwewu uli ndi msampha, popeza mnyamata akadziwa kuti cholowa mumgolo ndi chake pamene chokwera pa shelefu ndi cha bwana, dzanja lake limapendekera kumgolo ngakhale iye asanaganize zoipa. Ndiye mumapeza angle iron yabwinobwino ya mamilimita 700 itabisidwa pansi pa zinyenyeswa. Sindinathetse mwambowu, koma mgolo sutuluka pa geti ndisanaukhuthule pansi ndi kuuona, ndipo ntchito yokonza imene yatheka ndi zidutswa zokhazokha, amene waigwira amalandirapo kenakake. Akatero amayamba kuona kuti shelefu nayo imawadyetsa. Ophunzira amene amabwera kuchokera m'sukulu za ntchito zamanja za pansi pa TEVETA amafunanso pophunzirira kuyendetsa rodi, ndipo chitini cha tizidutswa topanda ntchito chimawathandiza tisanatigulitse, pakuti kulemera kwake sikuchepa chifukwa chowotchereredwa.

Nthawi yosankhula simasowa kwa munthu wodalira magetsi a ESCOM. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 mpaka chaka chotsatira, ndipo amisiri tinkakhala maola ambiri manja ali m'thumba. Ngakhale tsopano magetsi akazima, imeneyo ndiyo nthawi yoyeza, kulemba ndi kubwezera chilichonse pamalo pake, chifukwa ntchito imeneyi sifuna makina. Posesa, maginito ija ndimaiika m'jumbo n'kuikoka ndi chingwe pansi ponse. Imatola timitu ta marodi, tizidutswa ta waya ndi fumbi lachitsulo, ndipo mukafika pa mgolo mumangotembenuza jumboyo, zonse n'kugwera momwemo maginito ili yoyera. Tizitsulo timeneti ndi timene timabaya ana odutsa opanda nsapato ndi kuphulitsa matayala a njinga za makasitomala. Bala lakuya la chitsulo chimene chagona m'dothi likhoza kubweretsa kafumbata, osati chifukwa cha dzimbiri lenilenilo koma tizilombo ta m'nthaka, choncho wobayidwa apite kuchipatala tsiku lomwelo. Fumbi la aluminiyamu lokha lisaseseredwe pamodzi ndi la dzimbiri, chifukwa ziwirizi zikasakanizika n'kugwerapo mbaliwali zimayaka moto woopsa.

Pali zinthu zimene sindilola kuti zilowe mumpanda ngakhale zitatchipa bwanji. Munthu akabwera ndi angle iron ya galvanized yokhala ndi mabowo a mabauti ndi manambala odindidwa, imeneyo yamasulidwa pa nsanja ya mawaya a magetsi. Chivundikiro cholemera cha cast iron chachokera pa mapaipi a madzi kapena pa ngalande, chitsulo chopindika ngati malata chachokera m'mbali mwa msewu, ndipo mabauti akuluakulu ndi zidutswa za njanji zili ndi mwini wake ngakhale wogulitsayo atalumbira kuti anazitola kuthengo cha ku Golomoti. Kupezeka ndi katundu wakuba ndi mlandu, ndipo apolisi akafika mulu wosalongosoka umakuikani pamavuto, chifukwa simungathe kufotokoza kuti chakutichakuti chinabwera liti ndiponso ndi yani. Chilichonse chimene ndagula kwa munthu ndimachilemba m'kope, tsiku lake ndi dzina la wogulitsa, ndipo wokana kutchula dzina amabwerera nacho. Kwa ana sindigula kalikonse, popeza khasu limene mwana akuti latha kawirikawiri amayi ake akulifunafuna kunyumba.

Migolo imene ndakhala ndikutchulayi nayo imafuna kusamala. Mgolo wa malita 200 umene munali petulo, thina kapena mafuta ena umakhala woopsa kwambiri ukakhala wopanda kanthu, chifukwa mpweya wotsalamo ndi umene umaphulika, ndipo anthu afapo poudula ndi girayinda. Uyenera kutsegulidwa zitsekerero zonse, kutsukidwa, kudzazidwa madzi, kenako kudulidwa ndi tchizulo ndi hamala. Umene munali mankhwala a mbewu kapena amene simukuwadziwa ndi wongousiya. Masilinda a gasi ndi mashokabuzoba asaponyedwe mumgolo wa zotaya ngati zitsulo wamba, ndipo mabatire akale aziima chilili pamthunzi, pamalo posafika ana, osawaswa pofuna mtovu wa m'kati, chifukwa asidi wake amawotcha ndipo mtovu ndi poizoni woononga ubongo wa ana.

Kugulitsa ndimakuchita mu October, mvula isanayambe, kuti zotaya zisagone m'madzi dzinja lonse komanso kuti malo apezeke. Zitsulo zokhuthala ndimazipatula ku malata opyapyala, cast iron payokha, aluminiyamu, kopa ndi burasi pazokha, chifukwa mukasakaniza wogula amawerengera zonse pa mtengo wa chotchipa kwambiri. Osula ndi okhoma mbaula amayamba ndiwo kusankha, ndipo wa sikelo amatenga zimene iwo asiya. Sikelo ya wogula musamangoikhulupirira, ngakhale munthuyo mumadziwana. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho chigubu chodzaza malita 20 chikakolekedwa, muvi uyenera kupitirira pang'ono pa 20 chifukwa cha kulemera kwa chigubucho, ndipo ukaima pa 17 mwadziwa kuti pa thumba lililonse mukuberedwa zingati. Wogula wachilungamo sakwiya ndi chigubu. Mtengo timagwirizana katundu asanakwere, ndipo ndalama imaperekedwa ngolo isanatuluke pa geti. Anyamata amalandira gawo lawo tsiku lomwelo, ndipo yotsalayo sindiisakaniza ndi ya mageti koma imakagula marodi, madisiki ndi chitini cha red oxide, penti yoteteza ku dzimbiri, chopaka zidutswa zazitali zimene zatsala pa shelefu.